Chiswe Chinayambira Kumapeto

Anthu ankangowatcha Achapa, chifukwa moyo wawo wonse unathera m'chipinda chochapira zovala kuchipatala. Nthawi ya nkhondo ndi iwo ankataya madzi ofiira a m'mabeseni, n'kumasula mabatani pa malaya a anyamata amene sadzawavalanso. Mfuti anadana nayo kuchokera pamenepo, mpaka analemba buku, nthawi imene mkazi ankati akangotsokomola pamsonkhano onse amamucheukira. Amuna anaseka kuti wochapa angadziwe chiyani, koma analiwerenga mobisa.

Nkhaniyo anaitchera ngati msampha. Mitu yoyambirira anaikometsa dala: nsapato zonyezimira, malipenga, atsikana akukweza manja. Ankafuna kuti mnyamata wowerenga alowemo akumwetulira, kenako kumapeto akakumane ndi mabeseni aja.

Zaka zinapita, osindikiza anatseka, anthu anaiwala. Linatsala buku limodzi m'sutikesi kunsi kwa bedi. Maso a Achapa anachita mdima, ndipo pemphero lawo linatsala limodzi lokha, loti mdzukulu wawo, amene anamulera okha, asadzagwire mfuti. Mnyamatayo anali pa ulova, ankangoswera pakhonde. Tsiku lina Achapa anamuuza kuti atulutse bukulo awerenge, poganiza kuti lichita zimene pakamwa pawo pankalephera.

Anawerenga mpaka kuiwala kudya.

"Agogo, kani ndinu katswiri chonchi! Bwanji osandiuza?"

Mtima wa Achapa unakhala pansi. Koma posakhalitsa mdzukuluyo anatulukira atameta mpala, chikwama chili paphewa.

"Ndalembetsa usilikali, agogo. Ndi buku lanu lija. Paja mnyamata wa m'nkhani uja akukwera lole, tawuni yonse ikumuimbira, ine misozi inalengeza."

"Nanga kutsogoloko? Mwendo wake uja? Amayi ake akudikira pageti?"

"Kutsogolo kutinso? Zathera pomwepo."

Achapa anaitanitsa bukulo n'kulipapasa. Chikuto chakumbuyo kunalibe. Chiswe chinaboola sutikesi chapansi, n'kuyamba kudya kuchokera kumapeto, chinasiya nyambo yokhayokha. Achapa anachita mantha kuposa masiku a mabeseni aja. Anayesa kumufotokozera pakamwa, koma mawu ankatuluka mosokonekera, a nkhalamba yonjenjemera, osati aja anawasula ali ndi mphamvu. Mdzukuluyo anamvetsera mwaulemu, maso ali kumsewu.

"Musadandaule, agogo. Ndizikutumizirani sopo."

Anawasiya ali pabedi, chala chikusisita tsamba lomaliza, pamene mnyamata wa m'bukumo adakali pa lole, akumwetulira.