A Lammert ndi Mtsinje Wopanda Mwambo

Kuno kwathu ku Friesland palibe amene sawadziwa a Lammert Kooistra. Kwa zaka makumi anayi ntchito yawo inali yotchera makoswe a m'madzi, aja amaboola zipupa zotitchinjiriza kuti madzi asatilowere m'nyumba. Ndi munthu wamtali, wouma thupi, wa mawu owerengeka. Mvula ikangogwa masiku atatu mumawapeza pachipupa atavala majombo, akugunda apa ndi apo ngati munthu wofuna kugula ng'ombe.

Akazi awo, a Hiltje, zaka zonsezo sanagoneko kutali ndi mudzi uno. M'nyengo yozizira bambo ankati madzi akwera. M'chilimwe ankati chipupa chikauma chimang'aluka. Mwezi woyenda ulendo unasowa pakalendala ya banja limeneli, ndipo anzawo akamaonetsana zithunzi za kumaiko a dzuwa, a Hiltje ankangothira khofi.

Bambo atapuma pantchito, mayi sanapemphenso. Anasungitsa malo awiri pasitima yoyenda pamtsinje wa Nailo ku Ejipito, ulendo wa sabata imodzi mu Novembala, n'kuika pepala pambali pa mbale ya mbatatesi.

"Ichi n'chiyaninso, amayi?"

"Maso muli nawo, werengani. Musaine Ogasiti asanathe. Mukachedwa ndipita ndekha."

Kunali kuopseza kwa pakamwa chabe. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Hiltje sangakwere ngakhale basi kusiya nkhalamba yawoyo. Bambo akapanda kusaina, ulendo wafa.

A Lammert sapita dziko limene sakuwadziwa madzi ake. Anapalasa njinga kupita ku laibulale, n'kubwerako ndi mabuku asanu. Mayi anatengapo a mafumukazi, akachisi ndi milungu ya mitu ya mbalame, mpaka anayamba kutchula mayina a mafarao ngati abale awo a kuchimuna. Bambo ankalumpha masamba onse a mitembo yokulungidwa m'nsalu. "Wakufa ndi wakufa," ankatero. Iwo anakakamira pamutu wonena za mtsinje, ndipo zimene anapezapo zinawawawa.

Anakaziulula pa phwando la tsiku lobadwa la alamu awo, a Siebe, anthu atakhala mozungulira, aliyense kagawo ka keke pabondo.

"Alamu, anthu a ku Ejipito awa munawamva? Chaka chilichonse mtsinje unkasefukira, iwo n'kumavina! Ukachedwa ankaupempherera kuti ubwere."

"Analibe zipupa kapena?"

"Anali nazo! Koma zotsekera madzi m'munda kuti asachoke msanga. Mwamva? Kuti asachoke!"

"Pepani, alamu," anatero a Siebe akupukuta kukamwa. "Farao akanakudziwani akanakulembani ntchito. Bwenzi lero tikukuonani pachithunzi, mutu wa khoswe, msampha kumanja."

Anthu anaseka, koma a Lammert sanaseke. "Ine kwa anthu osasamala sindipondako," anatero. A Hiltje anadzuka kukatenga khofi wina, chonsecho makapu onse anali odzaza.

Mabuku aja a Lammert sanawabweze. Amati anapitiriza kuwerenga pofuna kupeza zolakwa zina. M'malo mwake anapeza kuti madziwo akaphwa ankasiya matope akuda, tirigu n'kumera mosamunyengerera. Anapezanso chithunzi cha masitepe otsikira kumtsinje, khoma lake lolembedwa mizere yoyezera madzi, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali. Mizere yotereyi anakhala akuiwerenga moyo wawo wonse, mtima uli m'mwamba. Kumeneko munthu ankaiwerenga akumwetulira.

Masiku amenewo mkazi wa wogulitsa tchizi anawaona atakhala pansi pamwamba pa chipupa, manja pamaondo, akungoyang'ana madambo. Anauza aliyense, poti chipupa a Lammert ankachiponda, sankachikhalira.

"Tangoganizani, Hiltje," anatero tsiku lina pachakudya. "Munthu kumva kuti madzi akubwera, iye n'kutambasula miyendo."

"Ndiye musaina?"

"Ndisaina. Koma tisinthe mwezi, tipite pamene ukusefukira. Ndione ndi maso angawa."

Anabwerera ku laibulale kukafufuza mweziwo. Pobwera njinga ankachita kuikankha.

"Anautseka."

"Anatseka chiyani?"

"Mtsinje! Anamanga damu ku Aswan ine ndili mwana wasukulu. Susefukiranso. Mabuku angawo anali a zakale zokhazokha. Ndiye tiwoloke nyanja kukaona ngalande ngati yathu yomwe ino? Iyayi, amayi."

Apa n'kuti kutatsala masiku awiri kuti Ogasiti athe. A Hiltje sanalire ndipo sanakalipe. Anapitiriza kusenda mbatatesi, imodzi, iwiri, itatu, kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Damulo ndi la simenti?"

"Ayi. Miyala ndi mchenga, pakati dongo."

"Dongo! Zaka zopitirira makumi asanu, madzi onsewo ali kumbuyo kwake." Anaponya mbatatesi m'poto. "Kaya amaliyendera ndani. Kapena kulibe makoswe kumeneko."

"Kulibe mtsinje wopanda zoboola," anatero a Lammert mokwiya, ngati awatukwana.

"Poti mwatero ndinu odziwa. Ine n'chiyani, za milungu ya mitu ya mbalame basi."

Bambo anaima pawindo n'kuyamba mafunso. Anafunsa ngati sitimayo imafika ku Aswan. Mayi anati imafika tsiku lachinayi, zalembedwa papepala lomwe lakhala pathebulo miyezi itatu. Anafunsanso ngati alendo amaloledwa kuyenda pamwamba pa damu. Mayi anati amaloledwa, ndipo cholembera chili m'mbale ya zipatso.

Anasaina ataimirira.

"Koma mumve bwino, bambo," anatero a Hiltje, pepala atalilanda kale. "Damu tsiku limodzi. Otsalawo ndi a mafumu anga akufa. Mukayenda pambali panga, mukandijambula, ndipo wotionetsa malo akamafotokoza simukamufunsa za dongo."

"Funso limodzi lokha."

"Limodzi. Pa tsiku lanulo."

Envulopu a Hiltje anakaiponya okha ku positi, osavula epuloni, madzi a mbatatesi akuwira pamoto.