Kachewere wa NaNgozo

Ku Biriwiri mukafunsa za mayi Jessie Ngozo, anthu amangoyang'anana. Mufunse za NaNgozo, aliyense aloza kumtunda, nyumba ya malata adzimbiri ija. Ndi mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wamfupi, wosayankhulayankhula. Sukulu adalekezera Sitandade 4. Amuna awo adagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, adabwerako ndi njinga, chipewa ndi chifuwa. Njinga ilipobe.

Chimene chidawatchukitsa ndi mbewu yawo ya kachewere wofiira khungu, imene apongozi awo adawapatsa m'dengu chaka cha ukwati. Zaka makumi atatu ndi zinayi akhala akusankha, kusunga pathandala, kubzala, kusankhanso. Mbewu imeneyi ndi imene idalera ana awo anayi, ndipo m'sitolo simungaipeze.

Chaka chatha yunivesite ina idabwera ndi nzeru zatsopano. Adati wophunzira zaulimi asamalandire digiri asanakhale miyezi iwiri pakhomo pa mlimi weniweni. Mlimiyo ndiye akhale mphunzitsi, ndipo pamapeto apereke malikisi. A Kenneth Dzonzi, aphunzitsi a kuyunivesiteko, adafotokoza zonsezi kwa ola lathunthu ataima pakhonde la NaNgozo, manja akupita uku ndi uku. Mwa zonse zija NaNgozo adamvapo chimodzi: kukubwera mlendo.

Mlendoyo adali Tisunge, mtsikana wa mumzinda wa Lilongwe, wa jombo zatsopano. NaNgozo adamuphera nkhuku, adamupatsa mpando wokhala ndi chotsamira, iwo nkukhala pamphasa. Tisunge akagwira khasu, amamulanda. Akafunsa funso, amamuyankha kuti, "Aa, ife tingadziwe chiyani, mumadziwa ndinu ophunzira." Sabata yoyamba idatha, ndipo Tisunge adanenepa.

Mtsikanayo sadabwere chimanjamanja. Adali ndi kachipangizo konga ndodo, kozika m'nthaka, kamene kamauza foni ngati dothi lili ndi chonde. Adazika kumtunda, foni idati chonde nchochepa. Adazika kumunsi, pamunda wina umene udangomera tchire, foni idati apa ndiye penipeni.

"Amayi, malo abwino chonchi mukungowasungira udzu?" adatero Tisunge, maso akuwala. "Mbewu yonse tibzale pano. Kumtundaku tiikeko nyemba."

Tsono mverani. Munda uja sudagonere ulesi ayi. Zaka ziwiri m'mbuyomo padagwa matenda ofotetsa kachewere, aja amene amabisala m'dothi, ndipo NaNgozo adausiya dala kuti upume zaka zisanu. Amadziwa. Mbuzi za m'mudzimo nazo mwina zimadziwa. Kachipangizo kaja kokha ndi kamene sikamadziwa, poti adakapangira kuyeza chonde, osati matenda.

Koma kodi mlendo, wa kuyunivesite, amene wakupatsa ulemu wodzagona m'nyumba mwako, ungamuuze pamaso kuti wanama? NaNgozo adakanda pakhosi, adayang'ana phiri, nkunena kuti, "Malowa ndi akalekale." Kwathu kuno mawu amenewo ndi kukana kotheratu. Tisunge adamva ngati kuyamikira, nkulemba m'kope.

"Ndiye tibzale, eti?"

"Mmene mwaoneramo inuyo."

Adabzala. Mbewu yonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. NaNgozo ankaponya m'phando mtima ukuwawa, kwinaku akudziuza kuti mwina anthu a sukulu adapeza njira, mwina foni yaona zimene maso awo sangaone. Sanauzeko munthu.

Kachewere adamera mokongola, mpaka anthu opita kumsika amaima pamsewu kuyang'ana. Sabata yachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, phata limodzi lidagwetsa masamba. M'mawa mwake adali khumi. Pofika Lamlungu munda wonse udali ngati wathiridwa madzi otentha.

A Dzonzi adafika pagalimoto ndi fomu ya malikisi tsiku loti Tisunge abwerere. Adazula phata limodzi, adadula kachewere pakati, mkati mudatuluka zoyera zonanda. Adafunsa ngati matendawa adayamba aonekapo pamalopo.

"Eya," adatero NaNgozo. "Zaka ziwiri zapitazo."

"Mumadziwa?"

"Kudziwa ndiye ndimadziwa."

"Nanga bwanji simudanene, mayi?"

"Ndidanena. Ndidati malowa ndi akalekale."

A Dzonzi adavula magalasi, adawapukuta, adawavalanso. Pa mapepala onse amene adalemba za njira yatsopanoyi, panalibe tsamba lonena zoti mphunzitsi angachite manyazi ndi wophunzira wake.

Amene adapsa mtima ndi Tisunge. "Miyezi iwiri!" adakuwa, misozi ili chuchuchu. "Miyezi iwiri mukundidyetsa nkhuku! Ndidabwera kuti mundiphunzitse, amayi, osati mundinenepetse. Mukadangonditukwana!"

NaNgozo sadakalipidwepo ndi mwana chibadwire. Adamuyang'ana mtsikanayo, ndipo ndi pamene zidawalowa m'mutu kuti zija adanena a Dzonzi pakhonde sizidali zongokometsa pakamwa. Manyazi adawagwira, aakulu kuposa aja amaopa. Adatembenukira kwa a Dzonzi.

"Galimoto idikire. Sukulu sinathe."

Adalowa m'nyumba, adatuluka ndi khasu lalikulu, nkulipereka kwa Tisunge. Adati kachewere wodwala sasiyidwa m'munda, saperekedwa kwa nkhumba, ndipo sasungidwa mbewu ngakhale aoneke wosalala bwanji. Amazulidwa yense nkukwiriridwa kutali ndi madzi. Tisunge adakumba dzenje. NaNgozo adaima pamwamba, manja m'chiuno.

"Khasu sagwira chonchi, si bolopeni. Weramani. Kuya kumeneko nkwa kukwirira mphaka? Kumbani!"

M'manja mwa Tisunge mudatuluka matuza, matuzawo adaphulika, ndipo palibe adamulanda khasu. A Dzonzi adafuna kunenapo kanthu, adapatsidwa dengu. Adatuta mpaka dzuwa kupendeka. NaNgozo ankayankhula osapuma, za dothi, za mphepo ya m'phiri, za mmene tsamba lodwala limagonera mosiyana ndi la ludzu, zonse zimene adazisunga m'kamwa miyezi iwiri.

Dengu lomaliza adanyamula okha. Adatola kachewere mmodzi wofiira bwino, wopanda banga, adamutembenuza m'manja kawiri. Tisunge adati mwina ameneyo yekha angapulumuke.

"Ayi," adatero NaNgozo. "Mwakhala mukumvetsera kapena ayi?"

Adamuponya m'dzenje, nkuuza Tisunge kuti akwirire.