Mphaka wa Amake Dalitso

Jemima Zimba anakwatiwa kachiwiri imvi zitayamba kale kusuzumira m'mphepete mwa duku. Kwawo ndi ku Kapichila, kubanja loweta ng'ombe. Mwamuna wake woyamba anapita kumigodi kukafuna ntchito, n'kukatsamira komweko ndi mkazi wina. Jemima sanalire nthawi yaitali. Anagulitsa ng'ombe imene atate ake anamusiyira, nagula makina osokera, n'kukakhazikika pakhonde la sitolo ina pa boma la Lundazi, kumasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a ukwati.

Pakhonde pomwepo ndi pamene a Cornelius Sakala anamupeza. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wochokera ku Chipata, ndipo akazi awo, a Miriam, anali atamwalira. Poyamba anabweretsa thalauza loti alipinde. Kenako anayamba kubweretsa mathalauza opanda vuto lililonse, mpaka anthu a pamsika anadziwa kumene nkhani ikulowera.

Tsiku limene Jemima analowa m'nyumba ya a Sakala, anapeza pampando wabwino koposa onse pali mphaka wamkazi wotuwa, wokalamba, wamaso aulesi.

"Uyu ndi Dona," anatero a Sakala. "Tinamutola ndi amake Dalitso ali kamwana, mumsewu wa ku Chikomeni."

Dalitso anali mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito ku Lusaka. Jemima anayang'ana mphakayo, nayang'ana chithunzi cha a Miriam kukhoma, mtima n'kumuuza kuti mkazi wamkulu sanachoke m'nyumba muno.

Kwawo mphaka amagona kunkhokwe, n'kumadya makoswe amene wagwira yekha. Dona ankadyera pambale yakeyake. A Sakala akadzuka ankayamba kulonjera iyeyo, ndi mawu ena ake ofewa amene Jemima sanawamvepo akumulankhulira iye. Chithunzi chinkapiririka, poti chithunzi sichikhala pamiyendo pa munthu. Koma Dona ankakhalapo, n'kumamuyang'ana Jemima ngati wantchito watsopano.

Matenda anayamba nyengo yotentha. Dona ankangonyonyomala apa ndi apo, kulira, n'kutulutsa timadontho ta mkodzo tosakanikirana ndi magazi. Tsiku lina anakodzera nsalu yoyera ya mkwatibwi imene Jemima anabwera nayo kudzaimalizira kunyumba.

"A Sakala, taonani zimene wachita mkazi wanuyu!"

A Sakala sanaiyang'ane n'komwe nsaluyo. Anagwada n'kunyamula mphakayo. "Akumva kuwawa, NyaZimba. Sanachitepo zotere."

Anamuika mudengu, namanga denguro panjinga, ulendo wa kwa Darius, dokotala wa ziweto. Jemima anatsala akuchapa nsalu ya eni ake, akukumbukira malungo amene anamugwira chaka chatha. Nthawi imeneyo a Sakala anangoima pakhomo la kuchipinda n'kunena kuti, "Muzimwa madzi ambiri."

Darius, yemwe ntchito yake yambiri inali ya ng'ombe ndi mbuzi, ananena kuti m'chikhodzodzo cha Dona mwalowa tizilombo, napereka mapiritsi. Dona anachira. Mwezi usanathe, kulira kuja kunayambiranso. Anamupatsa mtundu wina wa mapiritsi, anachiranso, matenda n'kubwereranso. A Sakala anayamba kuonda. Nkhani patebulo inali mkodzo wa mphaka basi: lero wakodza kangati, wofiira kapena woyera.

Kachitatu Darius anabwera yekha kunyumba. "Monire, amama," anapereka moni m'Chitumbuka, ndipo Jemima anayankha mozizira.

"Bwanji osangomupatsa mankhwala a mutu aja timamwa ife, agone?" anafunsa Jemima.

"Musayerekeze, amama. Amenewo mphaka amamupha," anatero Darius. Kenako anatembenukira kwa a Sakala. "Mphaka akakalamba impso zimafooka, ndiye tizilombo timaswana mosavuta. Tsono timene tili mwa Dona tawazolowera mankhwala athuwa. Tikapitiriza kungosinthasintha tikungotilimbitsa. Titumize mkodzo ku Lusaka, akaone kuti ndi tizilombo tanji, ndipo mankhwala amene angatiphe ndi ati."

Anatenga mkodzowo ndi jakisoni, a Sakala atatseka maso ngati akubayidwa ndi iwo. Kabotolo kanakwera basi ya ku Lusaka kali m'bokosi la ayezi, Dalitso n'kukakalandira kusiteshoni. Jemima, yemwe sanapondepo ku Lusaka, anangoseka chapansipansi.

Akuchokera kokweza kabotoloko, a Sakala anagwa panjinga pozemba galu, n'kuthyoka mwendo cha m'chiuno. Achipatala anati apite ku Chipata. Jemima analongedza zitenje ndi mapoto kuti akawadwazike, koma a Sakala anamugwira dzanja ali pamachira.

"Kumeneko kuli mlongo wanga, akandisamala. Inu tsalani ndi Dona. Ndani amupatse mankhwala akabwera?"

Galimoto ya chipatala itanyamuka Jemima anabwerera kunyumba, nakhala pansi osavula nsapato. Mkazi wa munthu, womanga ukwati kutchalitchi, kumusiya kuti adwazike mphaka! Amayi a kumsika akamva adzaseka mpaka kugwetsa tomato.

M'mawa mwake anatenga thumba la feteleza, naikamo Dona, n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu wa ku Chikomeni. Ankati amupatse wagalimoto aliyense akamutaye kuthengo la Lukusuzi, afisi akamalize nkhani. Mphakayo anali wopepuka ngati mtolo wa zigamba, ndipo sankalimbana n'komwe. Jemima anaima pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuganiza za nkhope ya a Sakala akadzamva. Adzalira. Adzakhala pampando uja osadya, kumakumbukira Dona, ndipo pokumbukira Dona azidzakumbukira a Miriam. Mphaka wamoyo amakodzera nsalu, amanunkha, munthu ukhoza kumudandaula. Wakufa alibe cholakwa. Kukhoma kukanakhala zithunzi ziwiri.

Anabwerera nalo thumba lija.

Zotsatira zitatuluka, mankhwala ofunikawo sanapezeke ku Lundazi, choncho Dalitso anabwera nawo yekha atadzera ku Chipata kukaona atate ake. Darius anati awa ndi omwa nthawi yaitali, osadumphitsa, osasiyira panjira ngakhale mphaka aoneke ngati wachira, ndiponso azimwa madzi ambiri.

Kumwetsa mphaka piritsi si masewera. Tsiku loyamba Dona anamukanda Jemima dzanja lonse, piritsi n'kulilavulira pansi pa kabati. Jemima anatenga chitenje, namukulunga zolimba ngati khanda, mutu wokha kunja. Dalitso anagwira, Jemima n'kukanula kukamwa.

"Meza, iwe! Mayi ako ankakulekerera, ine ayi."

Dalitso anaphulika kuseka mpaka mphaka anatsala pang'ono kumupulumuka. "Amama? Kumulekerera Dona? Malemu amama ankadana naye mphakayu! Ankamuthamangitsa ndi tsache. Ankati atate anakwatira mitala. Tsiku lina mpaka ananyanyala n'kukagona kwa anzawo chifukwa atate anapatsa Dona chiwalo cha nkhuku chimene iwo ankachifuna."

Zaka zonsezi Jemima ankalimbana ndi mphaka poganiza kuti ndi mtima wa a Miriam wotsalira m'nyumba, chonsecho a Miriam nawonso ankapsa mtima pampando womwewu. Anafuna kuseka, koma china chinamubaya. Ngakhale nsanje yakeyi sinali yake yekha. A Miriam anayamba ndiwo.

Dalitso atabwerera ku Lusaka, Jemima anasamutsira makina ake kunyumba kuti asaphonye nthawi ya mankhwala. Anaika timbale ta madzi pakona iliyonse. Dona akakana kumwa, ankamuwiritsira kapenta wopanda mchere n'kumupatsa msuzi wake. Ankamukalipira tsiku lonse, kumuuza zonse zimene sakanatha kuuza a Sakala, ndipo mphakayo ankamvetsera ali pansi pa makina, pamene panali mthunzi ndi zigamba zofewa. Magazi anasiya. Kulira kunatha. Mapiritsi atatha, Darius anatumizanso mkodzo ku Lusaka, ndipo yankho linabwera loti tizilombo tatheratu, ngakhale impso zikhalabe zofooka.

A Sakala anabwerera mvula itayamba, akuyendera ndodo. Asanakhale n'komwe pansi anayamba kuitana ndi mawu awo ofewa aja.

"Dona! Dona, ndabwera!"

Dona anatukula mutu pansi pa makina, nawayang'ana, n'kuuikanso paphazi la Jemima.

"Mwamupatsa chiyani mphaka wanga, NyaZimba?"

"Mankhwala amene munati ndizimupatsa," anatero Jemima, osasiya kupalasa makina. "Musiyeni, wagona."

Madzulo amenewo a Sakala anadya pang'ono. Ankangoponya maso pansi pa makina, kenako kwa mkazi wawo. Jemima anaidziwa nkhope imeneyo, ndipo sanawamvere chisoni. Anawaonjezera ndiwo akuimba kanyimbo ka kwaya.

Dona akadali moyo, ngakhale tsopano amayenda mozandima. Jemima amati mphaka samukonda ndipo sadzamukonda, koma akamva kulira kwachilendo ndiye amayamba kuthamangira kukaona mtundu wa mkodzo. A Sakala nawo sanagonje. Loweruka lililonse amatsimphina mpaka kubutchala, n'kugula kachiwindi kobisa m'thumba la jekete kuti akanyengerere mphaka kuseri kwa nyumba. Jemima amawadikirira pageti, amapisa dzanja m'thumbamo, n'kukakazinga chiwindicho ndi anyezi, awiriwo n'kudya.