Ndinasaina Kuti Ndinamva Molakwa

Anagogoda pageti Loweruka m'mawa, m'mwezi wa Okutobala, ine ndikuthirira ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone. Anatsegula ndi mkazi wanga. Nditatulukira pakona ya nyumba ndinaona amuna awiri osavala yunifomu, ndipo pamsewu panali galimoto yoyera yopanda nambala kutsogolo.

Wamkulu mwa awiriwo anandilonjera mwaulemu m'Chinyanja cha m'tauni. "Ba tate, muli bwanji? Tipelekezeniko ku tauni pang'ono. Muzabwela manje-manje."

Ndinapempha kuti ndisinthe malaya, anakana. Mkazi wanga anathamangira m'nyumba kukatenga mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, koma potuluka anapeza chitseko cha galimoto chatsekedwa kale. Ndinamuona pagalasi ataima pageti, kabotolo kali m'manja. Mpope ndinausiya ukutuluka madzi.

Ndiyenera kufotokoza kuti ndinali yani, chifukwa sindinali munthu wa ndale. Ndili mnyamata, boma linanditumiza ku dziko lina la kutsidya kwa nyanja kukaphunzira zochiza ziweto. Ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chinenero chawo chinandilowa mpaka kumalota nacho. Nditabwerako ndinagwira ntchito ya ng'ombe m'maboma osiyanasiyana mpaka kupuma. Popeza odziwa chinenerocho ndife ochepa, alendo a kumeneko akabwera ku Lusaka ankandiitana kuti ndikamasulire. Nkhani zake zinali za tirigu, feteleza, madamu ndi maphunziro. Ndinkavala jekete yanga imodzi, n'kukhala kumbuyo kwa mpando wa bwana, n'kumalankhula motsitsa.

Dziko lija litayamba nkhondo ndi dziko loyandikana nalo, atsogoleri athu ananena kuti ife sitili mbali iliyonse. Ku msonkhano wa mayiko onse nthumwi yathu sinakweze mkono uku kapena uku. Ine ndinagwirizana nazo. Dziko lopanda gombe, lodalira mafuta ndi feteleza wa ena, silingamayambane ndi aliyense.

M'mwezi wa Ogasiti anandiitana ku nyumba ina ya mpanda wautali ku Kabulonga. Munali alendo awiri a dziko lija, bwana wina wa ofesi imene sindiitchula, ndi mwini kampani yotumiza achinyamata kunja. Anakambirana za feteleza wa chaka chimenecho, kenako za anyamata amene akapite kukaphunzira ndi kugwira ntchito. Bwana uja anafunsa kuti anyamatawo akakhala kuti. Mlendo wamkuluyo anayankha ndi liwu limodzi limene m'chinenero chawo lilibe tanthauzo lina koma malo amene asilikali a mbali ziwiri amakumanirana. Ndinalimasulira monga momwe liliri.

Bwana uja anatembenuka, koyamba tsiku limenelo, n'kundiyang'ana. Anati, "Mwamva molakwa, madala. Akunena mafakitale." Mlendoyo anali kusonkhezera tiyi wake, ndipo sanatsutse ine kapena bwanayo.

Patapita milungu iwiri ndinakacheza kwa mlongo wanga ku Kabwata. Iye ndi wamasiye, amagulitsa zitenje pamsika. Anandionetsa pasipoti yatsopano ya mwana wake wamwamuna, amene anamaliza koleji n'kukhala zaka zitatu osapeza ntchito. Dzina la kampani pa kalata yake linali lomwe lija. Ndinadikira kuti mwanayo atuluke, ndipo ndinauza mlongo wanga zonse, tili chiimire kukhitchini. Ndinamupempha kuti zithere pomwepo. Koma mumpingo wawo munali amayi ena anayi amene ana awo anali pa mndandanda womwewo, ndipo Lachinayi ku msonkhano wa amayi sanathe kuwayang'ana kumaso ali chete. Sindimuimba mlandu. Sabata isanathe, mawu a mayi wina ochenjeza makolo anali kuyenda m'mafoni a Lusaka yense.

Tsopano ndibwerere m'galimoto muja. Titadutsa mphambano ya ku Woodlands anandiuza kuti ndiike mutu pamaondo. Sikunali kupolisi kumene anandipititsa. Inali nyumba wamba yokhalamo anthu, yokhala ndi mtengo wa mapeyala pabwalo. Anatenga lamba, zingwe za nsapato, foni ndi magalasi anga. Chipinda chimene ananditsekera chinali cha ana kale, chifukwa pakhoma panali zizindikiro za pensulo zoyezera msinkhu. Zenera analipaka utoto wakuda, koma pakona utotowo unali utakanganuka, ndipo kabowo kameneko ndi kamene kankandiuza kuti kwacha kapena kwada. Munali bulangeti limodzi ndi ndowa.

Loweruka ndi Lamlungu palibe amene anandifunsa kanthu. Masiku awiri amenewo ndiwo anandiopsa kuposa ena onse. Galimoto iliyonse ikaima panja, ndinkaimirira n'kutchera khutu kuchitseko. Ndinkaganiza za mkazi wanga, kuti akafunsa kuti, popeza ngakhale ine sindinkadziwa kumene ndinali.

Lolemba anandilowetsa m'chipinda chochezera. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi mwamuna wa suti yotuwa, wausinkhu wa mwana wanga woyamba. Ankalankhula Chinyanja chakwathu kum'mawa, chosalala, ndipo zimenezo zinandipweteka. Anandifunsa amene ndinawauza za ku Kabulonga. Ndinati sindinauze munthu. Anafunsa kuti ndi akazembe a dziko liti amene amandituma. Ndinati palibe. Ndinapempha loya ndi mankhwala anga.

"Loya ndi wa munthu womangidwa, bambo," anatero. "Inu simunamangidwe. Tikungocheza."

Kenako anaika foni patebulo n'kundimvetsera mawu aja. Sanali a mlongo wanga, koma ndinawazindikira. Anali a mayi wina woimba kwaya mumpingo wawo, amene anaphika pamaliro a mlamu wanga. Ndinati sindiwadziwa. Anawabwereza kasanu, akundiyang'ana pakhosi.

Lachiwiri sanafunse zambiri, anandiphunzitsa. Anati dziko lathu lili ngati mwana wamasiye amene amadya m'nyumba zonse za pamudzi, ndipo sanganene kuti nyumba iyi ndi ya mfiti. Anati chifukwa cha pakamwa panga sitima ya feteleza yaima padoko la eni, akazembe a mbali inayo akufunsa mafunso, ndipo mvula ili pafupi. "Alimi akapanda kukolola, mudzawadyetsa ndinu? Mwayeza anyamata angapo ndi anthu a dziko lonse?" Ndinangonena kuti ndinamasulira zimene zinanenedwa.

Lachitatu wa suti uja sanabwere. Kunabwera amuna ena awiri amene sindinawaonepo. Sanandifunse funso lililonse. Anayatsa wailesi mokweza, munali pulogalamu ya nyimbo zopempha. Zimene anandichita zinatenga nyimbo zinayi. Kuyambira tsiku limenelo khutu langa lakumanzere silimva bwino, ndipo kwa milungu ingapo ndinkagona chokhala.

Mlonda amene ankandibweretsera chakudya anali wachikulire, Mbemba wa ku Luapula. Madzulo a tsikulo anaika mbale pansi, n'kuima pang'ono pakhomo. Anati, "Ba tate, muwapase chabe chamene afuna. Benangu bamene banakana, sininabaone bakuyenda na mendo yao." Sindikudziwa ngati anachita kutumidwa kapena chinali chifundo chake. Mawa lake anandibweretsera madzi ofunda kuti ndipukute kumaso.

Lachisanu wa suti anabweranso. Anandiyang'ana, n'kunena kuti akumva kuti ndinagwa m'bafa. Kenako anatsegula fayilo n'kuyala zithunzi zitatu patebulo. Popanda magalasi ndinachita kuweramira pafupi. Choyamba chinali chitseko chobiriwira cha mlongo wanga ku Kabwata. Chachiwiri chinali mlongo wangayo ali pamsika, akupimira munthu chitenje. Chachitatu chinali mkazi wanga akutuluka pageti la chipatala, ku mbali ya nyumba ya chisoni. Pamenepo ndinadziwa kuti akundifunafuna pakati pa mitembo.

Ndinazindikiranso kuti dzina limene ndinkalibisa sabata yonse analidziwa kuyambira tsiku loyamba.

"Amayi awa ali ndi matenda a shuga, si choncho?" anatero, chala chili pa chithunzi chachiwiri. "Chipinda chinacho chilibe munthu."

Ndinafunsa chimene akufuna. Anatulutsa pepala lotayipa kale. Linkanena kuti ine, chifukwa cha ukalamba ndi kuiwala chinenero chimene ndinachiphunzira kalekale, ndinamva molakwa liwu la mlendo wolemekezeka, kuti anyamatawo akupita ku mafakitale ndi kusukulu, ndipo ndikupepesa kwa mayiko awiri a ubale. Anati ndisaine, ndiliwerengenso mokweza akundijambula.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinakana. Ndinapempha nthawi, anandipatsa masiku awiri. Masiku amenewo ndinakhala pansi pa zizindikiro za pensulo zija, ndikuyesa kupemphera, koma pemphero silinkapitirira mawu oyamba. Ndinkadziwa kuti makolo amene anabweza ana awo chifukwa cha mawu anga adzawalola kupita chifukwa cha mawu anganso. Ndinkadziwanso kuti mlongo wanga sangathe masiku atatu m'nyumba imeneyo. Lolemba m'mawa ndinasaina. Anandibwezera magalasi kuti ndiwerenge, ndipo anandikhazika chammbali kuti tsaya lotupa lisaoneke. Tinabwereza katatu chifukwa mawu ankanditha.

Titamaliza, wa suti uja anandigwira chanza. Anati, "Mwathandiza dziko, bambo."

Ananditsitsa Lachiwiri masana, tsiku lakhumi ndi chimodzi, pafupi ndi msika wa Chilenje. Foni ndi lamba anandibwezera, zingwe za nsapato anati zinasowa. Ndinayenda mokhwekhwereza mapazi, dzanja limodzi litagwira nthiti, pakati pa amayi ogulitsa tomato ndi anyamata oitanira maminibasi. Palibe amene anandiyang'ana kawiri. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, kenako ya ku Chelstone. Mkazi wanga atandiona pageti sanalire. Anandikhazika pampando, n'kugwada, n'kundivula nsapato.

Kanema uja anayenda m'mafoni monga momwe mawu a mayi uja anayendera. Feteleza anafika mvula isanakhazikike. Mlongo wanga anabisa pasipoti ya mwana wake kumudzi, ndipo mwanayo sanapite. Kwa miyezi yambiri mnyamatayo sanandilonjere. Ankauza anzake kuti amalume anamuphera mwayi ndi khutu lawo logontha, ndipo ine sindinamuuze chimene chinagonthetsa khutulo. Mwa ana anayi a mumpingo muja, atatu anakwera ndege Khirisimasi isanafike. Ine sanandiitanenso kukamasulira. Galimoto yoyera ikadutsa mumsewu wathu pang'onopang'ono, ndimalowa m'nyumba, mpaka lero.

M'mwezi wa Juni chaka chotsatira, tsiku lina masana, kunabwera mayi pageti, atafunda chitenje chifukwa cha mphepo. Anali woimba kwaya uja. Mwana wake anali mmodzi wa atatuwo. Anatulutsa envelopu m'chikwama, momwe munali pepala limodzi lokhala ndi chidindo, lolembedwa m'zilembo zimene iye sankatha kuziwerenga. Anati anapita ku kampani ija n'kupeza ofesi yotseka, ndipo ku maofesi ena anamuuza kuti adikire.

Mutu wa kalatayo ndinauwerenga ili m'manja mwake, ndipo ndinadziwa kale kuti ndi uthenga wa maliro. Ndinayang'ana kumsewu mbali zonse ziwiri. Ndinamuuza kuti mwina anaonera kanema uja, kuti ine chinenerocho ndinachiiwala.

"Ndinaonera, bambo," anatero. "Ndinaonanso mmene anakukhazikirani. Ndiwerengereni."

Tinalowa m'nyumba. Mkazi wanga anatseka chitseko ndi makatani, n'kukhala pafupi ndi mayiyo pamkeka. Ndinavala magalasi. Ndinayala pepalalo patebulo. Ndinawerenga mzere uliwonse, dzina la mwanayo, tsiku, ndi malo. Liwu la malowo linali lomwe ndinalimva ku Kabulonga. Ndinalimasulira monga momwe liliri.

Anthu amandifunsa ngati ndinasangalala tsiku limene ananditulutsa. Ndimati inde, chifukwa ndi yankho limene amayembekezera. Koma tsiku limenelo ndinangochoka m'chipinda china n'kulowa m'chachikulu, mmene munthu amadziyang'anira yekha pakamwa. Ufulu umene ndaudziwa kuchokera pamenepo ndi wochepa kwambiri. Unakwana mphindi zimene zinanditengera kuwerenga pepala limodzi, chitseko chili chotseka, kwa mayi amene sindikanatha kumuthandiza ndi china chilichonse. Nditamaliza anandipempha kuti ndibwerezenso pang'onopang'ono, kuti akathe kukauza bambo a mwanayo osasintha liwu ngakhale limodzi. Ndinabwereza.