Ndinasiya tiantchito takuseri kwa bulawuza popanda wotimvera

Inu owerenga, kudzimva kwanga kunachititsa kuti mwana wa eni ake asalandire ulimbitso. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Ndimalemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo ndinapangira parishi yathu ku Bangwe tsamba la pa intaneti lolembetsera ana a ulimbitso. Makolo ankajambula khadi la ubatizo n'kutumiza. Kuti tsambalo lisamalemere, ndinagawa ntchito kwa timapulogalamu tinayi togwira mobisika kuseri kwa bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Kena kankachepetsa zithunzi, kena kankasanja mayina.

Mayi Thomu a ku Chilomoni, omwe anayamba ntchito yolemba mapulogalamuyi ine ndili kupulayimale, ataona zomwe ndinalemba anandifunsa funso limodzi: “Achimwene, kena kakagwa kuseriko, adzamve ndani?” Anandiuza kuti tiantchito tonseti tili ndi njira imodzimodzi yonenera zikavuta, ndiye ndingolemba kachigawo kamodzi kotimvera tonse n'kuonetsa uthenga poyera. Ndinayankha mwaulemu, koma mumtima ndinati zachikale.

Mabanja ena ochokera ku Nsanje anali ndi makhadi ofufutika ndi madzi osefukira, choncho ankawajambula zithunzi zikuluzikulu kuti ziwerengeke. Kantchito kochepetsa zithunzi kankalephera n'kufa mwakachetechete, tsamba n'kumalemba kuti zatheka. Mndandanda wa ana olembetsa utawerengedwa m'tchalitchi, ana asanu ndi awiri munalibe.

Nditasaka vutolo osalipeza, ndinathamangira kwa Mayi Thomu. Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Anakhala pansi, n'kulemba timizere tochepa, ndipo vuto lomwe ndinalisaka masiku awiri linaonekera lokha. Kenako anamanga chitenje n'kuyenda nane khomo ndi khomo kutolera makhadi. Munthu woteroyo sindinamuonepo.

Ana asanu ndi mmodzi analowa pamndandanda. Wotsalayo, Rozina, tinapeza kuti anabwerera kale ku Nsanje ndi azakhali ake, akulira poganiza kuti walephera katekisimu. Bambo Bishopu amabwera kudzapereka ulimbitso kamodzi kokha pachaka.

Anzanga olemba mapulogalamu, chilichonse chogwira ntchito mobisika muchiikire wochimvera, ndipo odziwa akakulangizani, mverani. Mayi ake a Rozina sanandikalipire. Anangondionetsa diresi loyera lomwe anasoketsa, n'kundifunsa ngati ndikuganiza kuti chaka chamawa lidzamukwanabe.