Tiyi Wodzaza wa Mlendo wa ku Kazakhstan

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, tikukhala mumzinda wa Hamilton, kutali ndi kwathu ku Malawi. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kwa aneba athu, Mayi Aigul, ochokera ku Kazakhstan. Amayi ankandichenjeza kawirikawiri: "Iwe Chisomo, ukakawachititsa manyazi, shifiti yanga yatha. Ndizikusiya kwa ndani?"

Mayi Aigul ankafufuza mabuku akale a Chitchaina kuyunivesite. Ankati makolo awo anali abusa oyendayenda, ndipo zambiri za iwo zinalembedwa ndi Matchaina, oyandikana nawo. Kale akatswiri ambiri akwawo ankaziwerenga zitamasuliridwa m'Chirasha, koma dziko litalandira ufulu, maphunziro a za China anakula kwawo komweko.

Tsiku lina kunabwera Bambo Serik, nkhalamba ya nsidze ngati tsache, amene anaphunzitsa Mayi Aigul Chitchaina kwawo ku Kazakhstan. Mayi Aigul atalowa kukhitchini, ndinaona kuti mlendoyo amuthirira tiyi wochepa, wongonyowetsa pansi pa kambale komwera tiyi. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Kuumira kwanji kumeneku, munthu wachokera kutali chonchi! Ndinagwada bwinobwino monga anandiphunzitsira amayi, n'kudzaza kambaleko mpaka m'milomo.

Mayi Aigul atatulukira anagwira pakamwa. "Mwana iwe, kwathu ukadzaza ndiye kuti wauza mlendo amwe azipita! Timathira pang'onopang'ono kuti akhalitse."

Ndinaona ntchito ya amayi ikupita ndi tiyi ameneyo.

Bambo Serik anandiyang'ana. "Nanga kwanu kudzaza kumatanthauza chiyani?"

"Chikondi," ndinayankha.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandiuza kuti pa ulendo wawo woyamba ku China, akudziwa kale zilembo zambirimbiri, anazika timitengo todyera mumpunga, zomwe kumeneko amachitira akufa.

"Mabuku omasuliridwa aja sanandiuze zimenezo," anatero. "Nditabwerera kwathu ndinayamba kuuza ophunzira anga kuti azipita okha, akadye nawo, akalakwitse, akafunse."

Anamwa tiyi yense, n'kupempha wina wodzaza chomwecho. Amayi pobwera kudzanditenga anapeza anthu akusekabe, ndipo mawa lake ndinapitanso kwa Mayi Aigul monga mwa nthawi zonse.

Panopa ndi pamene ndimamvetsa ntchito ya bambo aja. Moyo wawo wonse anaphunzira kufunsa kaye mnzawo asanakhumudwe, ndipo tsiku limenelo mnzawoyo ndinali ine, kamwana ka ku Malawi kogwira ketulo.