Tupa la Alamu

Msewu wonse unkawatcha Mayi Zilembo, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Kachipinda kawo kanapanikizika pakati pa telala ndi wometa. Munali tebulo limodzi, mipukutu ya mapepala omata yofiira ndi yoyera, makina odulira zilembo, ndi kompyuta yakale yotuwa imene inkangolira ngati firiji pansi pa tebulo. Zikwangwani za mashopu, mayina a pazitseko za maofesi, zonse zinkatuluka mmenemo.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, ndi kampeni ndi lula, chilembo chimodzichimodzi mpaka zala kuuma. Makinawo anagula ndi malemu amuna awo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, ndipo kampeni anakaponya m'dirowa tsiku lomwelo. Koma makinawo anali ndi khalidwe: chingwe chake chinali ndi chipulagi chachikulu cha timano tambirimbiri, chimene makompyuta a masiku ano alibe polowetsa. Zolumikizira zonse anayesa, makina ankangodula zokhotakhota. Ankamvera kompyuta yakaleyo yokha. Ikafa iyo, makina afa, ndipo Mayi Zilembo atseka chitseko.

Ndiye kompyuta ija inayamba ulesi. Ukaiyatsa, umatha kusesa, kukolopa, kukangana ndi telala, ukabwera ikadali kuganiza. Mayi anaitana a Kabuku, okonza makompyuta, amene dzinalo analipeza chifukwa samasula sikulu ya pa makina asanalembe m'kabuku. Munthuyo anatsegula, anapemerera fumbi, n'kuyamba kukopera timanambala ta pabolodi lalikulu ngati mwana wa sukulu.

"Mayi, ikufunika ramu yowonjezera, kabolodi kamene imagwirirapo ntchito ikayaka. Koma ya mtundu wake womwewo, wakale. Mundipatse milungu iwiri ndisake."

"Milungu iwiri! Mukukaiumba ndi dothi?"

"Ikapanda kufanana, siilowa," anatero a Kabuku, n'kutseka kabuku kawo.

Mayi anapsa mtima, ndipo nkhaniyo anaidandaula kwa aliyense, mpaka inafika kwa mlamu wawo, mng'ono wa malemu, kalipentala. Munthu wabwino, inde, koma wa ndadziwa kale uja anamanga nyumba yopanda khomo. Loweruka m'mawa anatulukira ndi kaphukusi, akumwetulira mpaka m'makutu.

"Alamu, iwalani za wa kabuku uja. Ramu iyi ndi yatsopano, yaikulu kanayi. Gwirani tochi."

Anagwada pansi pa tebulo, anakankha, anatembenuza, anakankhanso. Ramu inakana. Pansi pake panali kampata kakang'ono koyenera kukumana ndi kachitunda ka m'malo mwake, koma zinaphonyana pang'ono pokha.

"Alamu, anati ikapanda kufanana siilowa," anatero Mayi.

"Aaa, inunso! Chitseko chikakana felemu timachitaya? Timachipala. Zaka makumi atatu ine ndikulowetsa zokana."

Anasolola tupa m'thumba la ovolosi. Koma abale, tupa! Lonolera sowo! Mayi anafuna kumuletsa, koma anakumbukira zikwangwani zisanu ndi chimodzi zodikira, ndi milungu iwiri ya a Kabuku, ndipo anangosendeza tochi pafupi. Kwee, kwee, kwee, kampata kanakula. Ramu inalowa kuti tswaa. Mlamu anadina batani monyadira. Fani inazungulira kawiri, panamveka kuti thu, kenako fungo la pulasitiki yopsa linadzaza chipinda mpaka wometa anasuzumira.

"Mwina ikuzolowera," anatero mlamu, akubweza tupa m'thumba.

Lolemba a Kabuku anafika ndi ramu yoyenera, ataipeza m'masiku asanu okha. Ataona tizidutswa tobiriwira pansi, anazula ramu yopalidwayo n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndani wachita zimenezi? Mayi, kampata aka si kulakwitsa kwa fakitale ayi. Anakaika dala kuti kakane. Mitundu iwiriyi imadya magetsi osiyana, timano take timapita kosiyana. Kampataka ndiye mlonda, ndipo inu mwapha mlonda. Bolodi lapsa."

"Ndiye gulani lina!"

"Lokhala ndi polowetsa chipulagi chanucho? Analeka kalekale kupanga. Ndisaka, koma musandiwerengere masiku. Mwina sindilipeza."

Mayi sanatseke n'komwe chitseko. Anadutsa msewu ngati mphepo, mpaka kukalowa mushedi ya mlamu wawo, mmene munali utuchi wofika m'akakolo. Anaponya ramu ija pa benchi.

"Alamu, mwandipha! Mwandiphera m'manja! Kompyuta ndi kabati? Ndi mpando wa m'khitchini? Akulu anu anaisamala mpaka tsiku lomwe analowa m'manda, ine ndaipukuta fumbi zaka zonsezi, inu mphindi khumi basi, ndi tupa! Safunsa anadya phula, koma inu phulalo mwadyetsa ine. Mutu umenewo ndi wongosenzera matabwa?"

Anakalipa mpaka mawu anasasa. Mlamu anangoima, pensulo kukhutu, maso pansi. Mayi atatha, iye anayankha motsitsa, osati mwamwano.

"Ndalakwa, alamu. Koma tochi munagwira ndinu."

Zinawapweteka Mayi kuposa fungo lija, chifukwa zinali zoona. Paja anawunikira bwinobwino, anasendezanso dzanja kuti tupa lione pogwira. Anabwerera osatsanzika, ali ndi ukali umene unalibenso woupatsa.

M'kachipinda muja munali zii, firiji ya pansi pa tebulo italeka kulira. Anakoka dirowa, anafufuza pansi pa malisiti ndi mabatire akufa, anakapeza kampeni katachita dzimbiri. Anakanola, anayala pepala lofiira, anaika lula, anajambula chilembo choyamba cha chikwangwani cha wogulitsa nsapato. Dzanja linkakumbukira, koma maso anakana. Mzere wa pensulo unkaoneka ngati iwiri, ndipo kampeni kanatsata wolakwika. Anang'amba, anayambanso. Anavala magalasi, anasendera pawindo, anayambanso.

Telala anasuzumira pakhomo. "Mayi Zilembo, makina ali chete lero?"

Mayi anangoweramira pa pepala. Anali pa chilembo choyamba chomwecho, kachinayi.